Chithunzi Chili mu Browser Sichinakhale Chako

Chaka chatha, kutatsala masiku ochepa kuti tifike pa 24 October, mphwanga wa ku Lundazi ananditumira foni usiku. Sanandipatse ngakhale moni.

"Akulu, poster yanga yasowa."

Anyamata a m'komboni mwawo anakonza mpikisano wa bola wa pa Independence, ndipo iye ndiye anapatsidwa ntchito yopanga poster yoti iyende pa WhatsApp. Laputopu alibe. Anatsegula tsamba lina lojambulira mu browser ya pafoni, nakhala maola awiri akuika maina a matimu, chikho, mitundu ya mbendera ndi mtengo wolembetsera. Atatsala pang'ono kutsiriza, amayi anamuuza kuti aone ngati ndalama yalowa pa mobile money. Anachoka mu browser, anaona meseji, anayankha anzake awiri, n'kubwerera. Tsamba lija linadzitsegula lokha kachiwiri, lili mbee.

"Yapita kuti? Mu Gallery mulibe, mu Downloads mulibe."

Ndinamuuza kuti poster ija siinapite kulikonse, chifukwa inali isanafike kulikonse. Inali m'mutu mwa foni chabe, ndipo foni itaona kuti malo achepa, inataya tsamba limene iye sanali kuliyang'ana. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chilichonse chimene mwajambula ndi chala mu browser ndi fodya wapachala, kufikira mutachitulutsa n'kukhala fayilo. Kabatani ka Save kapena Upload kamene timadina osaganizira kali ndi mbiri ya zaka zoposa 30, ndipo mbiriyo imakhudza ma bundle athu, ma siginecha athu ndi zinsinsi zathu.

Lundazi ikulidziwa kale vuto ili

Aliyense amene anafikako pa Boma la Lundazi, makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Chipata, anaiona Castle. Inamangidwa pakati pa 1948 ndi 1952 ndi bwanamkubwa wa chitsamunda Errol Button, monga nyumba yogona alendo pafupi ndi damu. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti pulani yake yoyamba anaijambula kumbuyo kwa paketi ya fodya. Paketiyo palibe amene amaionetsa lero. Chojambulacho tikuchidziwa chifukwa amisiri a kumeneko anachisamutsa, kuchichotsa pa kapepala kofewa n'kuchiika mu njerwa.

Tauniyi ilinso ndi dzina lina limene ana a kwathu amanyadira akakumana mu Lusaka: Box One Kanele. Ambiri amati Kanele ndi mmene makolo anatchulira mawu akuti Colonel, ndipo Box One linali bokosi la makalata la pa Boma. Mnyamata wogwira ntchito ku migodi akafuna kuti kwawo aone nkhope yake, anali kupita ku studio, kuyembekeza kuti chithunzi chitsukidwe, kuchiika mu envulopu, kumata sitampa, n'kulemba adiresi. Zinthu zitatu zinali zofunika: pepala losunga chithunzi, envulopu yochinyamula, ndi malo ofikira. Chimodzi chikasowa, agogo sanali kuona kanthu.

Ngakhale makolo akalekale anali kusankha pojambula. Zimene anajambula pa mchenga mvula inakokolola. Zimene anapaka pa miyala ku Kalemba m'dera la Chadiza, ku Thandwe pafupi ndi Chipata, ndi ku Chongoni ku Dedza m'Malawi zikalipo. Ku Chongoni kokha kuli malo 127, ndipo UNESCO inawaika pa ndandanda ya chuma cha dziko lonse mu 2006. Funso la mphwanga ndi lomwelo la kale: chojambula changa ndichiike pa chiyani kuti chikhale, ndipo ndichitumize bwanji?

Nthawi imene browser inali kungoonetsa

Tim Berners-Lee anapereka ganizo la World Wide Web mu 1989 ali ku CERN, ku Switzerland. Masamba oyamba anali a malemba okhaokha. Mu 1993 Marc Andreessen, mmodzi wa amene anapanga browser ya Mosaic, anabweretsa njira yoika chithunzi pakati pa malemba. Chaka chotsatira, mu 1994, Zambia inalumikizidwa ku intaneti kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia. Tinali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kulowa.

Koma browser ya nthawiyo inali ngati windo la shopu. Chithunzi chinali kupangidwa kwina, n'kuikidwa pa seva, inu n'kumangochiona. Ndipo ngakhale mtundu wa fayilo yosungiramo chithunzi unali ndi mwini wake. GIF, imene CompuServe inatulutsa mu 1987, inali kugwiritsa ntchito njira yochepetsera fayilo yotchedwa LZW, ndipo chilolezo cha njirayo chinali cha kampani ya Unisys. Kumapeto kwa 1994 kunamveka kuti opanga mapulogalamu a GIF ayenera kulipira. Anthu anakwiya. Mu January 1995 Thomas Boutell ndi gulu la anthu odzipereka anayamba kulemba mtundu watsopano umene aliyense angagwiritse ntchito kwaulere, ndipo mu October 1996 PNG inavomerezedwa ndi bungwe la W3C.

Mkangano uja ndiwo unatipatsa pepala limene tikujambulapo lero. PNG siitaya kadontho ngakhale kamodzi, ndipo imatha kusiya malo ena oonekera ngati galasi. JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imataya tina ndi tina kuti fayilo ichepe. Ndiye chifukwa chake JPEG imakhala bwino pa chithunzi cha nkhope kapena munda wa nshawa, koma malemba a pa poster amaoneka ngati anyowa m'mbali.

Envulopu ya 1998

Pepala linapezeka, koma envulopu inali isanabwere. Mu August 1998 Larry Masinter analemba kachikalata kafupi kotchedwa RFC 2397. Ganizo lake linali losavuta: m'malo moti adiresi iziloza kumene kuli chithunzi, chithunzicho chilowe mu adiresi momwemo. Iyi ndiyo data URL. Mukaona mzera wautali woyamba ndi data:image/png;base64,iVBORw0KGgo n'kupitiriza ndi zilembo zosamveka, dziwani kuti mukuyang'ana chithunzi cha PNG chosandutsidwa malemba.

Kusandutsa kumeneku kumatchedwa base64, ndipo kuli ndi mtengo wake. Pa ma byte 3 alionse, base64 imalemba zilembo 4. Chithunzi cha 3 MB chimasanduka 4 MB. Zili ngati kutumiza matumba atatu a chimanga pa basi ya ku Lusaka, kondakitala n'kukulipiritsani anayi. Masinter mwiniwake anachenjeza kuti njirayi ndi yoyenera tinthu tating'ono. Internet Explorer 8, ya mu 2009, siinali kulandira data URL yopitirira 32 KB. Palibe amene anali kuganiza kuti tsiku lina anthu adzapakira ma poster athunthu mu envulopu imeneyi.

Apple ibweretsa nsalu yojambulapo

Kwa zaka zambiri, wofuna kujambula mu browser anali kudalira Flash kapena Java, mapulogalamu oonjezera a makampani ena. Mu 2004 Apple inaika chinthu chatsopano mu browser yake, chotchedwa canvas, dzina la nsalu yolimba imene ojambula amapakapo penti. Poyamba inachipangira timapulogalamu tating'ono ta Dashboard pa makompyuta a Mac. Ena anadandaula kuti kampani imodzi yadzipangira zinthu osafunsa anzake, koma gulu la WHATWG, limene linayamba chaka chomwecho, linachilemba m'malamulo a HTML. Firefox 1.5 inachilandira mu 2005, Opera 9 mu 2006, ndipo Internet Explorer inachedwa mpaka 2011. Pa 28 October 2014 W3C inatsimikiza HTML5, canvas ili momwemo. Flash inatsekedwa pa 31 December 2020.

Kuti mumvetse chimene chinachitikira mphwanga, muyenera kudziwa khalidwe la canvas. Ndi bwalo la timadontho, ma pixel. Wopanga tsamba akapanda kutchula kukula kwake, imakhala 300 m'lifupi ndi 150 m'litali. Kadontho kalikonse kamasunga manambala 4: kufiira, kubiriwira, mtundu wa buluu, ndi kuonekera kwake. Poster ya 1,080 kwa 1,080 ili ndi timadontho 1,166,400, kutanthauza ma byte 4,665,600, pafupifupi 4.7 MB, onse atakhala mu memory ya foni. Canvas payokha siikumbukira kuti apa panali chikho, apo panali dzina la timu. Imadziwa mtundu wa kadontho kalikonse pa mphindi ino, basi. Tsamba likatsekedwa, ndipo wopanga tsambalo sanakonze njira yosungira, bwalo lonse limafafanizika ngati bolodi la m'kalasi pa Lachisanu.

Khomo loyamba lotulukira linali lamulo lotchedwa toDataURL. Limatenga timadontho tonse, kutipanga PNG, n'kutiika mu envulopu ya Masinter ija. Wopanga tsamba atha kupempha JPEG n'kusankha ubwino wake pakati pa 0 ndi 1. Akapempha mtundu umene browser siiudziwa, imangomupatsa PNG mwakachetechete. Njirayi ndi yosavuta kulemba, ndiye inafala kwambiri. Vuto lake ndi lakuti pamene ikugwira ntchito, tsamba lonse limaima. Pa laputopu yamphamvu simuona kanthu. Pa foni ya 2 GB, chithunzi chikakhala chachikulu, skrini imauma, ndipo nthawi zina browser imadzitseka.

Khomo lachiwiri ndi toBlob. Limapanga fayilo yeniyeni ya ma byte, popanda thumba lachinayi lija, ndipo limagwira ntchito kumbali tsamba likupitiriza kuyenda. Fayiloyo itha kusungidwa mufoni kapena kutumizidwa ku seva monga mmene fomu imatumizira chithunzi. Firefox inayamba msanga, koma Chrome inalandira toBlob mu 2016 ndipo Safari mu 2017. Zaka zonsezo opanga masamba anazolowera njira yakale, ndipo ambiri akali kuikopera mpaka lero. Nthawi iliyonse imene tsamba likutumiza chithunzi chanu ngati malemba a base64, gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene mukutumizazo ndi envulopu chabe. Munthu wa WiFi ya mu ofesi sazimva. Munthu wa ku Mwase kapena ku Lusuntha, amene wakwera pa chulu kuti agwire network ndi bundle ya tsiku limodzi, amazimva bwino.

Ife tinali kuti nthawi yonseyi?

Pamene anthu a ku California anali kuyesa canvas, ambiri a ife tinali kulowa pa intaneti ndi Nokia ndi Opera Mini, imene inafika padziko lonse mu 2006. Opera Mini inatipulumutsa pa talk time, chifukwa tsamba linali kuyamba lapita ku ma seva a Opera, kufinyidwa, n'kubwera kwa ife lophikaphika. Koma tsamba lophikidwa kutali silingatsatire chala chanu pa skrini. Tinali kuwerenga, kuona ndi kulemba, koma kujambula ayi.

Pa 31 July 2014 Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira app ya Internet.org, mogwirizana ndi Airtel. Anthu ambiri analawa intaneti koyamba osalipira, ndipo zimenezo sizinali zazing'ono. Koma pamene khomo linatsegulidwa kwa opanga masamba ena mu 2015, chaka chimene dzina linasintha kukhala Free Basics, malamulo ake anali akuti masamba azigwira ntchito popanda JavaScript, mavidiyo ndi zithunzi zikuluzikulu. Canvas popanda JavaScript ndi nsalu yopanda burashi. Choncho pa nyengo imene HTML5 inali kupatsa dziko bolodi lojambulapo, intaneti yaulere imene inafika kwathu inali ikali windo la shopu.

Zinthu zinasintha ndi mafoni a Android otsika mtengo. Manje mwana wa sukulu ku Lundazi atha kutsegula Photopea, imene Ivan Kutskir anatulutsa mu 2013 ndipo imagwira ntchito yonse mu browser, n'kupanga khadi la kitchen party kapena chidziwitso cha maliro. Mukadula chithunzi chanu kuti chikwane pa fomu yofunsira ntchito, kapena mukasaina ndi chala m'kabokosi ka pa tsamba, kawirikawiri ndi canvas imene ili pansi pa chala chanu. Tinalowa mochedwa, ndipo tinapeza misampha itatcheredwa kale.

Misampha inayi

Woyamba ndi siginecha yakuda. Canvas yatsopano si yoyera, ndi yoonekera ngati galasi. Imaoneka yoyera chifukwa cha tsamba limene lili kumbuyo kwake. JPEG siidziwa kuonekera, ndiye malamulo amati malo oonekerawo adzazidwe ndi mtundu wakuda. Mukasaina ndi inki yakuda, tsamba n'kutulutsa JPEG, ku ofesi kumafika kabokosi kakuda bii. Inu munasaina, koma umboni palibe. Mankhwala ake ndi kutulutsa PNG kapena kuyamba kupaka zoyera pansi.

Wachiwiri ndi canvas yodetsedwa. Mukaika pa poster chithunzi chochokera pa tsamba la eni ake popanda chilolezo cha seva yawo, browser imakulolani kuchiona koma imakana kuchitulutsa. Batani la Save limangokhala chete, kapena limalemba SecurityError. Zimakwiyitsa, koma lamuloli linaikidwa kuti likutetezeni. Popanda ilo, tsamba la akuba likanatha kukoka mwakabisira chithunzi cha mu akaunti yanu ya kwina, kuchiika pa canvas yosaoneka, n'kuchitumiza kwa iwo.

Wachitatu ndi chidindo cha chala chimene simunadinde. Mu 2012 Keaton Mowery ndi Hovav Shacham anaonetsa kuti makina osiyana amajambula malemba amodzimodzi mosiyana pang'ono, kusiyana kumene diso silingaone. Tsamba litha kulemba mawu pa canvas yobisika, kuwatulutsa ndi toDataURL, n'kugwiritsa ntchito zotsatira zake pozindikira makina anu mukabweranso, ngakhale mutafafaniza ma cookie. Mu 2014 ofufuza a ku Princeton ndi KU Leuven anapeza njirayi pa masamba opitirira 5 mwa 100 alionse, pakati pa masamba 100,000 otchuka kwambiri. Khomo lomwe limatulutsa poster yanu limatulutsanso chizindikiro chanu. Agogo athu podinda chala pa pepala la DC anali kuona inki pa chala chawo. Ife sitiona kanthu.

Wachinayi uli ndi nkhope ziwiri. Chithunzi cha kamera chimanyamula mbiri yake mkati: tsiku, mtundu wa foni, nthawi zina ndi malo enieni pamene munaimirira. Chikadutsa pa canvas, chimatuluka ndi timadontho tokha, mbiri ija itatsala. Kwa mtsikana amene safuna kuti mlendo wa pa intaneti adziwe nyumba yake, zimenezi ndi chitetezo. Kwa mlimi amene akufuna kuonetsa tsiku limene njovu zinalowa m'munda mwake kumalire a Lukusuzi, ndi umboni wotayika. Sungani chithunzi choyambirira nthawi zonse.

Pa siginecha pali chinanso. Mu 2021 Zambia inakhazikitsa Electronic Communications and Transactions Act yatsopano pamodzi ndi Data Protection Act. Malamulo alipo, koma siginecha yojambula ndi chala ikatuluka mu canvas imakhala fayilo ngati ina iliyonse, ndipo fayilo imakopedwa. Ya PNG yoonekera kumbuyo imakhala bwino pa pepala lililonse, ngakhale limene simunaliwerenge. Musanasaine m'kabokosi, funsani kuti ikupita kwa ndani ndipo ikasungidwa kuti. Funsoli silichititsa manyazi. Makolo athu anali kufunsa kalaliki kuti awawerengere kalata kawiri asanadinde.

Poster yachiwiri

Mphwanga anayambanso usiku womwewo. Ndinamuuza zinthu zochepa. Ukaika chinthu chachikulu, tulutsa fayilo pomwepo, usayembekeze kutsiriza. Ukadina Save, pita mu Downloads ukaione ndi maso ako. Poster ya malemba ambiri isunge ngati PNG, ndipo ukafuna yopepuka yotumiza ku magulu, panganso ina ya JPEG. Screenshot ndi yothandiza pa ngozi, koma imangotenga kukula kwa skrini yako, ndipo wosindikiza pa Boma adzakuuza kuti yasweka. Ukatumiza kwa wosindikiza pa WhatsApp, itumize ngati document kuti isafinyidwe panjira.

"Akulu, zonsezi chifukwa cha kabatani kamodzi?"

Eya, chifukwa cha kabatani kamodzi. M'kati mwake muli anthu amene anakana kulipira GIF mu 1995, kachikalata ka 1998, nsalu ya Apple ya 2004, ndi zaka zoposa khumi zodikira kuti ma browser onse agwirizane njira yotulutsira fayilo yosadya bundle. Inu amene mukuphunzira kulemba code mu Lusaka, Chipata kapena Kitwe, mbali yotsala ndi yanu. Gwiritsani ntchito toBlob, chepetsani chithunzi chisanakwere, sungani ntchito ya munthu mufoni mwake pamene akujambula, ndipo yesani tsamba lanu pa foni yotchipa kwambiri imene ili m'nyumba mwanu.

Poster yachiwiri inatha itakwana 23:00. Anaitulutsa katatu panjira, ndipo yomaliza anaitumiza kwa ine, kwa kapitao wa timu, ndi kwa iye mwini. M'mawa mwake anapita nayo pa Boma, anasindikiza makope asanu, namata imodzi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo. Amayi anasunga imodzi m'chikwama chimene muli makalata akale a agogo, ena mwa iwo olembedwa Box One pa envulopu.